Kodi Ululu Ndi Mdani wa Munthu?

Palibe mudzi umene ulibe wina wobuula usiku. Kwina ndi nkhalamba imene maondo ace akana kupindika, kwina ndi mwana amene dzino lamsautsa, kwina ndi mai amene mutu wamgwira masiku atatu osaleka. Pakadafika mlendo pabwalo la mfumu atanyamula nsupa ya mankhwala, nalonjeza kuti aliyense womwako sadzamvanso kuwawa kufikira tsiku la imfa yace, anthu akadapondana pothamangira nsupayo. Ena akadagulitsa mbuzi, ena ng'ombe imene, ndipo palibe akadawadzudzula. Koma kodi womwa mankhwala oterewo akadapindula, kapena akadadzigulira tsoka? Funso limeneli silitha pongolingalira pansi pa mtengo. Lifuna kuti munthu ayambe wadziwa njira imene ululu umayendamo m'thupi, naonenso zimene zinawagwera anthu amene ululu unawathawadi, pakuti anthu otere alipo, ndipo ena a iwo akhala m'midzi yomwe ino.

Cinyanja ciri ndi mau amodzi ogwira nchito zingapo. Munthu amamva ng'oma ya kutali, amamva njala, amamva mwambo wa akuru, amamvanso munga umene wamlasa kuphazi. Akale poika zonsezi m'mau amodzi sanaphonye, cifukwa ululu ndi uthenga ndithu: uli ndi pamene ucokera, njira imene upitamo, ndi bwalo limene ukafikako.

Pamene ucokera ndi pa nsonga za mitsempha. Si mitsempha ija yoyenda mwazi ai, koma ina yoyera, yonga ulusi, imene nchito yace ndi kunyamula mau pakati pa ziwalo ndi ubongo. Nsonga zace zamwazika m'khungu, m'minofu, m'mfundo za mafupa, m'mano ndi m'ziwalo za m'kati, ndipo n'zazing'ono kotero kuti diso silizipenya. Zina zimamva kukhudza, zina kufunda kapena kuzizira. Koma pali zina zimene zimakhala cete masiku onse kufikira pamene cinthu cayamba kuononga thupi, kapena catsala pang'ono kutero. Charles Sherrington wa ku England ndiye anazipatsa dzina lazo m'caka ca 1906. Zimadzuka ndi kuceka kapena kupsinja kwa mphamvu, ndi kutentha kapena kuzizira kopitirira muyeso, ndiponso ndi timadzi timene thupi lokha limaturutsa pamalo pobvulala.

Amene anaulula cinsinsi ca nsonga zimenezi ndi tsabola wa m'ndiwo. Pa nsonga ya mtsempha pali tizipata tosaoneka, timene timatseguka kutentha kukafika pafupi ndi madigiri 43, pamene khungu likhoza kuyamba kuonongeka. Kacipata kakatseguka, mphamvu yonga ya magetsi imanyamuka ulendo wopita kumutu. David Julius ndi anzace ku San Francisco anapeza kacipata kameneka m'caka ca 1997 pofufuza cimene cimawawitsa tsabola, ndipo anaona kuti tsabola amatsegula cipata comweco cimene moto umatsegula. Ndico cifukwa cace wodya tsabola wambiri amati m'kamwa mwapsa, naturuka thukuta, ngakhale ndiwozo zinazizira kale: mtsempha wanena za moto pamene moto palibe. Cipata ca mbalame cinapangika mosiyana pang'ono, tsabola sacitsegula, cotero nkhuku imajompha tsabola wofiira kuseri kwa nyumba popanda bvuto. Julius analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2021 pamodzi ndi Ardem Patapoutian, amene anapeza tizipata tomva kupsinja. Nkhani ya tsabolayi isaiwalike, pakuti ionetsa kuyambira paciyambi kuti mthenga ameneyu akhoza kunyengedwa.

Wopunthwa pa citsa ndi cala ca kuphazi amadziwa kuti ululu umafika kawiri. Poyamba pamabwera kulasa kwakuthwa, kwa kamphindi; kenaka, munthu atayamba kale kudumpha ndi mwendo umodzi, pamafika kuwawa kwina konyeka, kofalikira, kumene kumakhalitsa. Amithenga ndi awiri. Mtsempha wina ndi wokutidwa ndi mafuta, monga waya wa magetsi akutidwa ndi mphira, ndipo uthenga umathamangamo mamita 5 kufikira 30 pa sekondi imodzi. Wina ndi wosakutidwa, ndipo m'menemo uthenga umakwawa pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Kucokera kuphazi kufika kumutu kwa munthu wamtali, wokwawayo amatha sekondi yathunthu ndi kupitirira. Woyamba anena kuti, apa, coka msanga. Waciwiri anena kuti, pabvulala, pasamale.

Onse awiri amayamba alowa mu mtolo waukuru wa mitsempha umene uli m'kati mwa pfupa la msana, uja woyera ndi wofewa umene osenda nyama amauona akadula msana wa mbuzi. M'menemo milandu ina imatha isanafike kumutu. Mai akagwira mphika wotentha, dzanja limabwerera lokha iye asanadziwe cimene cacitika, cifukwa msana walamula kale minofu kuti ilikoke. Nyakwawa yoona nyumba irikupsa siyamba yatumiza kalata ku Boma kupempha cilolezo cothira madzi. Pambuyo pace uthenga umakwera kufika pa mphambano ya m'kati mwa ubongo, imene madotolo amati thalamus, ndipo pamenepo umagawanika. Cigawo cina ca ubongo cimazindikira malo ndi kukula kwa bvutolo. Cina ndico cimausandutsa cinthu coipa cimene munthu afuna kucithawa. Cina cimasunga cikumbutso, kuti mwana amene anapsa kamodzi asadzayandikirenso mafuwa. Codabwitsa n'cakuti ubongo weniweniwo ulibe nsonga zomva ululu, kotero kuti madotolo nthawi zina amaceka mu ubongo wa munthu ali maso, alikulankhula naye.

Bala likatupa, ngakhale nsaru yongokhudzapo imawawa. Timadzi tija ta pamalo pobvulala timacititsa nsonga za mitsempha kukhala zamantha, zodzuka ndi kanthu kocepa. Kumeneko si kulakwa kwa thupi, koma njira yokakamiza munthu kuti asapondere phazi limene lirikupola. Asipirini amathandiza poletsa thupi kupanga ena mwa timadzi timeneti, monga John Vane anaonetsera ku London m'caka ca 1971.

Tsono nanga iwo amene samva? Kuyambira kale anthu a maiko ambiri ankakhulupirira kuti khate limadya thupi, kuti zala zimaola ndi kuthothoka zokha. Akuru a kum'mawa kwa Zambia akumbukira midzi ya akhate, monga uja wa ku Mwami pafupi ndi Chipata, ndi manja opanda zala amene ankaoneka kumeneko. Ngakhale pamene Gerhard Armauer Hansen anaona kacirombo ka khate ku Bergen, m'dziko la Norway, m'caka ca 1873, cikhulupiriro cimeneco sicinasunthike. Paul Brand, dotolo wa opaleshoni wobadwira ku India, anayamba nchito pa cipatala ca ku Vellore m'caka ca 1946, ndipo atayamba kusamalira manja a akhate anadabwa kupeza kuti mnofu wao unali wabwino, wopola monga wa munthu aliyense. Nanga zala zinkapita kuti? Tsiku lina iye analephera kutsegula loko wa dzimbiri pa citseko ca nyumba yosungiramo katundu. Mnyamata wina wakhate, wa zaka ngati 10, wofooka thupi, anatenga kiyi, napotoza kamodzi, loko natseguka. Brand poyang'ana pansi anaona mwazi: kiyi anali atang'amba cala ca mwanayo kufikira pa pfupa, ndipo mwanayo sanadziwe. Sanapose dotolo mphamvu ai. Dotolo analeka kupotoza cifukwa cala cace cinamuuza kuti aleke, koma mwanayo analibe womuuza.

Kuyambira pamenepo Brand ndi anzace anayamba kulondola bala liri lonse la odwala ao tsiku ndi tsiku, ndipo pafupifupi bala liri lonse linapezeka ndi gwero lace. Kacirombo ka khate kamakonda malo ozizira a thupi, cotero kamalowa m'mitsempha imene iri pafupi ndi khungu, monga pa cigongono, pa bondo ndi pa kakolo, nikaiononga. Mtsempha ukafa, dzanja kapena phazi limatsala lopanda mlonda. Munthu agwira mpini wa khasu wokhala ndi mng'alu tsiku lonse. Mnzace akadasintha kagwiridwe thuza lisanaturuke, ndipo akadatero osaganizako n'komwe, koma iye alima kufikira thuza liphulika, nalimabe pa cironda. Ayenda ndi msomali m'nsapato kufikira madzulo. Aphula mphika ndi manja. Cironda cilowa tizirombo, pfupa libvunda, tizidutswa tace nituruka, ndipo cala cifupika caka ndi caka. Panali ena amene ankadzuka m'mawa cala citacepa popanda cifukwa cooneka. Oyang'anira atacezera usiku anaona kuti makoswe ndiwo ankadya zala za anthu ali m'tulo, ndipo kuyambira pamenepo wodwala wobwerera kwao ankapita ndi mphaka. Mkazi wa Brand, Margaret, amene anali dotolo wa maso, anakomana ndi zofanana: diso losamva kuuma siliphethira monga liyenera, ndipo diso losaphethira potsiriza limafa. Akale anati cosamva anaciphikira m'masamba. Iwo ankanena za mwana wokana malangizo, koma mwambiwo ukwanira bwino lomwe pa dzanja losamva moto.

Alipo ena obadwa otero, ngakhale ndi owerengeka. Kumpoto kwa Pakistan kunali mnyamata amene ankaonetsa masewera m'miseu poyenda pa makala a moto ndi kudzibaya mipeni m'mikono. Anafa ali ndi zaka pafupifupi 14 atalumpha pa denga la nyumba. Ofufuza a ku Cambridge, polondola mbiri yace, anapeza ana 6 a m'mabanja atatu a dera lomwelo amene sanamvepo ululu cibadwire, ndipo m'caka ca 2006 anaonetsa kuti kacipata kamodzi ka m'mitsempha yao kanabadwa kosagwira nchito. Onse anali atadziluma milomo kapena lilime ali aang'ono, ndipo ambiri anali atathyokapo mafupa kapena kudwala m'mafupa osadziwa. Amenewa ndiwo anamwa m'nsupa ya mlendo uja.

Wina akhoza kubvomera zonsezi, nafunsabe kuti: cenjezo ndi labwino, koma lilekeranji kufika mwaulemu? Bwanji thupi silingouza munthu kuti pali bvuto popanda kumzunza? Funso limeneli ndi lamphamvu, ndipo Brand analiyesa ndi manja. Atasamukira ku Carville, ku America, m'caka ca 1966, iye ndi amisiri anakonza magolovesi ndi masokosi okhala ndi tizipangizo tomva kupsinja, kuti dzanja losamva likagwira cinthu mwa mphamvu yopitirira, kabelu kalire kapena kanyali kayake. Odwala sanasamale belu kapena nyali. Amisiri anasintha, nakonza kuti cipangizoco cizimenya munthu ndi magetsi m'khwapa, mmene khungu linali lakumvabe. Pamenepo odwala anapeza nzeru ina: pofuna kugwira nchito yolimba ankayamba azimitsa cipangizo, nagwira nchitoyo, naciyatsanso atatha. Patapita zaka zingapo nchito yonseyo inalekeka. Anthuwo sanali opusa. Anali monga anthu onse. Mlimi ali ndi munda woti aupalire udzu usanakule, ndipo cenjezo limene akhoza kulikana adzalikana ndithu. Zinthu ziwiri zimene anthu amadera ululu, kuti ndi woipa ndi kuti sukanika, ndizo zomwe zimaupatsa mphamvu yopulumutsa.

Kufikira pano mlandu ukomera ululu. Koma wofulumira kunena kuti ululu uli wonse ndi wabwino sanacezerepo usiku pambali pa mphasa ya wodwala khansa. Mboni za mbali inayo ziyenera kumvekanso.

Anzeru akale ankayesa kuti mtsempha uli ngati cingwe ca belu, ndipo René Descartes anafanizira motero m'buku lace lofalitsidwa m'caka ca 1664: moto ukoka cingwe kuphazi, belu lilira kumutu. Zikadakhala conco, kukula kwa ululu kukadalingana nthawi zonse ndi kukula kwa bala. Koma sizitero. M'caka ca 1844, ku Mabotsa, m'dziko limene lero ndi South Africa, mkango unagwira David Livingstone pa phewa, numgwetsa pansi, nuphwanya pfupa la mkono wace wamanzere. Mphunzitsi Mebalwe ndiye anaupatutsa, nalumidwa iyenso pa nchafu. Livingstone anasimba pambuyo pace kuti ali m'kamwa mwa cirombo sanamve kuwawa kapena mantha, ngakhale anazindikira zonse zocitika. Balalo silinali laling'ono. Pfupa silinalumikizane bwino moyo wace wonse, ndipo atamwalira kwa Chitambo m'caka ca 1873, mtembo wace unatsimikizika ku England ndi mkono womwewo. Zaka 100 pambuyo pa mkangowo, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, dotolo Henry Beecher anafunsa asilikari 215 obvulala koopsa ku Italy ndi ku France ngati afuna mankhwala opha ululu, ndipo pafupifupi atatu mwa anai alionse anati safuna. Iye anaganiza kuti kwa msilikari bala linali njira yoturukira m'nkhondo ali moyo, pamene kwa munthu wamba bala lofanana liri ciyambi ca tsoka.

Amene anamasulira zotere ndi Ronald Melzack ndi Patrick Wall, m'caka ca 1965. Iwo anati mu msana muli ngati cipata cimene uthenga wa ululu uyenera kudutsapo, ndipo cipataco cikhoza kutseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono. Uthenga wa kukhudza, woyenda m'mitsempha yaikuru yothamanga, umacikankhira kutseka. Cotero mai wosisita pamene mwana wagunda mutu sangomnyenga kuti atonthole, alikumpatsa mankhwala enieni. Ubongo nawo umatumiza mau otsika ku msana olamula cipataco. M'caka ca 1975 John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen anapeza kuti thupi limadzipangira lokha mankhwala ogwira nchito mofanana ndi morphine. Mbali zina za ciphunzitso ca Melzack ndi Wall zinakonzedwa pambuyo pace, koma tsinde lace linaima: ululu sufika ku ubongo uli wopsa kale monga nsima pa mbale, ubongo ndi msana ndizo zimauphika. Mantha, cisoni, kusowa tulo ndi kusungulumwa zimakulitsa cipata. Ndico cifukwa cace dzino limawawitsa pakati pa usiku, ndipo mai wamasiye wogona yekha amamva msana wace kuposa mnzace wozingidwa ndi adzukulu.

Mthenga ameneyu akhozanso kunama poyera. Ambiri mwa anthu odulidwa mwendo kapena mkono amamva kuwawa m'ciwalo cimene cinakwiriridwa kale. Silas Weir Mitchell, dotolo wa asilikari obvulala pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America, analemba za zimenezi m'caka ca 1871. Phazi palibe, munga palibe, koma ululu ulipo weniweni. Nthenda ya mashingozi, ija yoturutsa matuza mbali imodzi ya thupi ngati lamba, nthawi zina imasiya mitsempha yoonongeka imene imanyekabe miyezi kapena zaka matuza atauma. Ena amadwala msana miyezi itatu ndi kupitirira pamene cobvulala cinapola kale, cifukwa mitsempha ya mu msana inazolowera kupfuula. Apa mlonda wasanduka wosokonezeka mutu, woimba ng'oma ya nkhondo usiku uli wonse pamene adani anabwerera kwao kalekale. Ululu wotere suteteza kanthu ndipo suphunzitsa kanthu. Wakhala nthenda payokha, yofunika cithandizo cace.

Zikatero, pali cinthu cimodzi cimene munthu woona mtima sangacite, ndico kuyeza ululu wa mnzace ndi maso. Thonje liri ndi sikelo yace, malungo ali ndi kagalasi kao ka m'khwapa, koma kufikira lero palibe cipangizo cimene cingauze dotolo kuti munthu uyu akumva kuwawa kwakuti. Mboni ndi mwini wace yekha. Apongozi onena kuti mtengwa wao ndi waulesi, popeza msana umene akudandaula ulibe bala, aweruza mlandu umene sanaumve. Ndipo kulakwa kumeneku si kwa anthu a kumudzi okha. Kufikira m'zaka za m'ma 1980 madotolo ambiri a ku Ulaya ndi ku America ankacita opaleshoni makanda obadwa kumene ndi mankhwala ocepa opha ululu, kapena opanda konse, poganiza kuti mitsempha yao sinakhwime ndi kuti mankhwalawo akhoza kuwapha. M'caka ca 1987 K. J. S. Anand ndi anzace ku Oxford anaonetsa kuti makanda opatsidwa mankhwala amphamvu opha ululu ankacira bwino kuposa osapatsidwa. Anthu ophunzira kwambiri analakwa zaka zambiri, ndipo cimene cinacedwetsa kuzindikira n'cakuti wobvutikayo analibe mau.

Coipa kuposa kukayika ululu wa munthu ndi kuusandutsa mlandu wace. M'midzi ina kunali mwambo wakuti mai akacedwa kubala, anamwino a m'cikuta ankamkakamiza aulule amuna amene anayenda nao, poganiza kuti kubvutikako ndi cizindikiro ca cigololo cobisika. Koma mwana amacedwa cifukwa wagona mopingasa, kapena mutu wace wakula kuposa njira, kapena ciberekero catopa, ndipo maola otayika pofunsa mafunso ndiwo anayenera kutha pa ulendo wopita ku cipatala. Mitsempha imanena za thupi. Sidziwa za khalidwe. Imapfuula cimodzimodzi mwa wolungama ndi mwa wakuba.

Kupirira ndi khalidwe lolemekezeka, ndipo mudzi wopanda anthu opirira sukadakolola kanthu. Koma kupirira kuli ndi malo ace. Uthenga ukafika numveka, palibe phindu kuti mthenga aimebe pakhomo alikupfuula. Pamene James Young Simpson anayamba kununkhitsa amai obala mankhwala a chloroform ku Edinburgh m'caka ca 1847, ena anatsutsa, poti kuwawa kwa pobala n'kwa cilengedwe ndipo sikuyenera kucotsedwa; koma Mfumukazi Victoria atalandira mankhwalawo pobala mwana wace m'caka ca 1853, mau otsutsa anayamba kuzirala. Cicely Saunders, amene anatsegula nyumba yosamalira odwala osacira ya St Christopher's ku London m'caka ca 1967, anaphunzitsa kuti morphine azipatsidwa pa nthawi yoikika, ululu usanabwerere, m'malo modikira kuti wodwala ayambe walira. Ndipo zinaoneka kuti munthu wothandizidwa motero akhoza kukhala maso, nalankhula ndi ana ace, nakonza za nyumba yace. Anne Merriman anabweretsa nchito yotere ku Uganda m'caka ca 1993, ndi morphine wa madzi wakumwa, wa mtengo wocepa, wotheka kumwera kunyumba. Wodwala khansa amene nthenda yace yadziwika kale alibe cina coti aphunzire kwa ululu, ndipo abale omletsa mankhwala poopa kuti aoneka wamantha amlanda masiku ace otsiriza cabe.

Kulakwa kwa mbali inayo kuli pafupi kwambiri masiku ano, pamene mibulu yopha ululu igulitsidwa m'kagolosale kali konse. Munthu wa m'mimba mowawa agula mibulu iwiri lero, iwiri mawa, mwezi ndi mwezi, natseka pakamwa pa mthenga asanamve cimene wadzera. Pofika ku cipatala, cironda ca m'mimba cakula, ndipo mibulu ina, monga asipirini, ndiyo yacikulitsa. Komanso kusawawa si umboni wa moyo wabwino. Cotupa ca m'bere ca khansa kawirikawiri cimayamba cosawawa. Kuthamanga kwa mwazi kumaononga mtima ndi impso mwakacetecete. Banga lotuwa pa khungu, limene silimva likakhudzidwa ndi kathonje, ndilo cizindikiro coyamba ca khate. Mau akuti "sicikupweteka" acedwetsa anthu ambiri pa njira ya ku cipatala.

Khate tsopano limacira. Mankhwala ophatikiza amene bungwe la za umoyo pa dziko lonse linabvomereza m'caka ca 1981 akhala akuperekedwa kwaulere kuyambira 1995, ndipo amamwedwa miyezi 6 kapena 12. Woyamba msanga amapulumutsa mitsempha yace. Koma mtsempha umene unafa kale kawirikawiri subwerera, ndipo mapazi osamva sanathe m'midzi, pakuti nthenda ya shuga nayo imapha mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono. Nzeru zimene Brand anaphunzira pa akhate ndizo zomwe ziphunzitsidwa lero kwa odwala shuga. Munthu wotere ayenera kucita ndi maso ndi manja nchito imene mitsempha inkacita yokha. Sayenda wopanda nsapato, ngakhale pabwalo pace. Amakutumula nsapato asanabvale, kuti mungakhale mwala kapena cinkhanira. Amakulunga mpini wa khasu ndi nsaru, saphula mphika popanda cogwirira, ndipo saothera moto pafupi. Madzulo ali onse amatsuka mapazi ndi madzi osatentha, nawapukuta, nawadzoza mafuta kuti khungu lisang'ambike, nayang'ana pakati pa zala ndi ku cidendene, napapasa kufuna malo otentha kuposa ena, pakuti kutentha kumaoneka cironda cisanatseguke.

Nkhalamba imene maso ace afooka singathe kuona kuphazi kwace, cotero amaonera ndi mkazi wace kapena mdzukulu. Mwana agwada ndi nyali, natembenuza phazi la agogo ace, nati, "Agogo, apa pafiira." Agogowo samva kanthu pamalopo, munda ulikudikira, ndipo mvula yagwa bwino. M'mawa mwace khasu litsala pakhonde, ndipo iwo akhala pa mpando mwendo uli pa mtondo wogoneka, kufikira mwanayo adzanene kuti kufiira kwatha.